Odyera pa mizukwa ku Edinburgh

Madzulo aliwonse, pamsewu wakale wa Royal Mile mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, pamatulukira anthu ovala mikanjo yakuda, ena atanyamula nyali, ena atadzipaka zoyera kumaso. Amaima pafupi ndi tchalitchi cha St Giles, aliyense ndi chikwangwani chake, kukopa odutsa ngati anyamata oitanira minibasi padepoti. Malonda awo ndi amodzi: lipirani, tikuperekezeni kumene kuli mizukwa. Anthu amalipiradi, ena atagula kale matikiti pa intaneti asananyamuke kwawo, ndipo amanka nalondola wamkanjoyo m'timipata tamdima, m'zipinda za pansi pa nthaka, mpaka kumanda.

Kwathu kuno munthu sapita kumanda chisawawa. Ngakhale adzukulu sayamba kukumba mfumu isanalole, ndipo amene angapezeke akuzungulira pamitumbira usiku, kukamacha mudzi wonse umakhala utamupatsa kale dzina. Ndiye kumva kuti kwina kwake anthu amatulutsa ndalama m'thumba kuti akaopsezedwe kumanda, khonsolo ya mzinda ikudziwa, n'zodabwitsa ndithu. Koma mukaifukula nkhaniyi, mizukwa imatenga kagawo kochepa. Gawo lalikulu ndi kamangidwe ka mzindawo ndiponso zimene zinkawachitikira amphawi ake.

Ulendo wake umatenga ola limodzi kapena ola ndi theka. Woperekezayo kawirikawiri amakhala wazisudzo kapena wophunzira mbiri yakale, ndipo luso lake lenileni ndi pakamwa: amadziwa poseketsa, potsitsa mawu, ndi pozimitsa nyali. Makampani ena amalemba munthu ntchito yongobisala pakona n'kuvumbuluka gulu likamadutsa. Ena amati zimenezo n'zachibwana, iwo amangosimba nkhani basi. Ku Britain ntchitoyi inamera m'zaka za m'ma 1970. Ulendo wa mumzinda wa York ku England, umene umadzitcha woyamba padziko lonse, umati unayamba mu 1973. Ku Edinburgh kampani ya Mercat Tours inakhazikitsidwa mu 1985 ndi aphunzitsi a mbiri yakale. Lero maulendo otere mukawapeza ku Savannah ndi ku New Orleans ku America, ku Prague, ndi m'matauni ambiri akale. Komabe Edinburgh ili ndi mwayi umene enawo alibe: mbali ina ya mzinda wakale inakwiriridwa pansi pa mzinda wa lero, ndipo munthu atha kutsikirako ndi miyendo yake.

Zinatheka chonchi. Mzinda wakalewo unamangidwa pamsana pa chitunda chachitali, linga la mafumu lili kumtunda, nyumba yachifumu ya Holyroodhouse ili kumunsi. Asilikali a Scotland atagonja kwa Angerezi pankhondo ya ku Flodden mu 1513, pomwe mfumu James IV inafera, eni mzinda anamanga khoma lodzitetezera. Kumpoto kunali kale chithaphwi chachikulu chotchedwa Nor Loch. Anthu ankachulukirachulukira, malo osakula, choncho anayamba kumanga chokwera. Nyumba zinafika nsanjika 10 ndi kuposa, zitathithikana, pakati pake pali timipata totsetsereka tomwe pena munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Dzuwa silinkafika pansi. Zonyansa za m'nyumba ankazikhuthulira m'timipata tomweto. Olemera ndi osauka ankakwera masitepe amodzi, olemera n'kukhala m'nsanjika zapakati, osauka pansi penipeni kapena kudenga. Kuyambira mu 1767 kunayamba kumangidwa mzinda watsopano kutsidya kwa chithaphwi chija, wamisewu yotakasuka, ndipo aliyense wa ndalama zake anasamukirako pang'onopang'ono. Otsala kumzinda wakale anali amene analibe kolowera.

Kuti mbali za mzindawu zilumikizane, anamanga milatho yodumpha zigwa. Wa South Bridge unatha mu 1788. Uli ndi mphako 19, koma lero imaoneka imodzi yokha, yodumpha msewu wa Cowgate, chifukwa nyumba zinamangidwa mokhudzana ndi mlathowo mbali zonse. Mphako zobisikazo anazigawa zipinda pafupifupi 120, momwe munali osoka nsapato, ogulitsa mowa ndi mosungira katundu. Mlathowo sanaumate bwino, madzi anayamba kudontha, ndipo pasanathe zaka zambiri amalonda anathawamo. M'malo mwawo munalowa mabanja osowa pogona: mopanda zenera, mopanda madzi abwino, mopanda chimbudzi. Pambuyo pake zipindazo anazitseka ndi zigumukire za nyumba, anthu n'kuziiwala, mpaka m'zaka za m'ma 1980 pamene Norrie Rowan, yemwe kale ankasewerera timu ya Scotland mpira wa rugby, anazitulukiranso n'kuyamba kuzifukula. M'menemo ndi momwe alendo amalowetsedwa lero. Makoma ake ndi achinyezi, mpweya ndi wolemera, ndipo kandulo ikazima simuona ngakhale chala chanu. Za anthu amene ankagona m'menemo sizinalembedwe zambiri, pakuti mmphawi sasiya makalata. Mpata umenewo ndi umene osimba nkhani amaudzaza ndi mizukwa.

Kamsewu ka Mary King's Close ndi chitsanzo chabwino cha momwe nthano imaphimbira zoona. Nkhani imene inafala kwa zaka zambiri imati mliri utavuta mu 1645, akuluakulu a mzinda anatseka kamsewuko ndi njerwa mbali zonse ziwiri, odwala n'kufera momwemo ndi njala. Sizinachitike. Mliriwo unalikodi, womwe umafala ndi utitiri wa makoswe, ndipo unapulula anthu ochuluka zedi. Koma odwala ankabindikiritsidwa m'nyumba zawo, n'kupachika kansalu koyera pazenera kuti awabweretsere chakudya. Dokotala George Rae ankawayendera atavala chikopa thupi lonse ndi chigoba cha mlomo wautali ngati wa mbalame, chodzaza ndi zitsamba zonunkhira. Iye ankati akudziteteza ku mpweya woipa, osadziwa kuti chikopacho chikumutchinjiriza ku utitiri, ndipo anapulumuka. Kamsewuko kanakwiririka patapita zaka zoposa 100, ndipo chifukwa chake chinali malonda: kuyambira mu 1753 anagwetsa nsanjika zapamwamba n'kusandutsa zapansi maziko a chinyumba cha Royal Exchange, chomwe lero ndi nyumba ya misonkhano ya khonsolo. Anthu anapitiriza kukhala ndi kugwira ntchito kumunsi kwake, ndipo womaliza, mmisiri wa macheka dzina lake Andrew Chesney, anachoka mu 1902. Mary King mwini wakeyo anali mayi wamasiye wogulitsa nsalu.

Mzukwa wotchuka wa pamenepa ndi wa posachedwa. Mu 1992 kunabwera mayi wina wa ku Japan, Aiko Gibo, yemwe ankadziwika kwawo kuti amalankhula ndi mizimu. Atafika pachipinda china ananena kuti muli kamtsikana kolira, kotayidwa ndi makolo ake nthawi ya mliri, komwe kakufuna chidole chake. Anatuluka, n'kukagula chidole, n'kudzachisiya pomwepo. Kamtsikanako anakatcha Annie. Kuyambira pamenepo alendo akhala akuunjika zidole pakona ya chipindacho, ndipo ndalama zimene ena amasiya zimapita kukathandiza ana odwala. Umboni wokhawo wakuti Annie analiko ndi mawu a mlendo mmodzi ameneyu. Koma mulu wa zidolewo ndi weniweni, ndipo anthu ena amatulukamo akupukuta misozi.

Nanga zimene anthu amamva m'zipinda zija n'zabodza? Funsoli linayesedwa. Mu 2001, pachikondwerero cha sayansi cha mumzindawu, katswiri wa za maganizo a anthu wa pa yunivesite ya Hertfordshire, Richard Wiseman, analowetsa anthu oposa 200 m'zipinda za pansi pa South Bridge, aliyense payekha kwa mphindi zingapo, osamuuza kuti ndi chipinda chiti chimene chili ndi mbiri yoipa. Anthu pafupifupi 44 pa 100 alionse ananena kuti amva zachilendo: kuzizidwa mwadzidzidzi, kuona ngati wina akuwayang'ana, kukokedwa chovala. Chochititsa chidwi n'chakuti madandaulowo anachuluka m'zipinda zomwezo zimene operekeza alendo ankati ndi zovuta. Okhulupirira mizukwa anaombera m'manja. Koma Wiseman ndi anzake atayeza zipindazo anapeza kuti zimene anthu ankamva zinkayenderana ndi kukula kwa chipinda ndiponso kuwala kwa malowo. Kunena kwina, anthuwo sankanama, matupi awo ankamvadi kanthu, ndipo kanthuko kanali malo enieniwo. Woperekeza wanzeru sasowa kunama kwambiri. Amangosankha poimika gulu, n'kukhala chete.

Kumene nkhani imalemera kwambiri ndi kumanda a Greyfriars, ndipo pamenepa Mkhristu wa CCAP ayenera kutchera khutu, chifukwa amishoni amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anachokera m'mipingo yomwe mizu yake inadutsa m'masautso amenewa. Mu February 1638, m'tchalitchi cha Greyfriars, Apresibateriya a ku Scotland anasaina pangano lokana kuti mfumu Charles I iwasankhire kapembedzedwe. Mkanganowo unatenga zaka makumi angapo. Mu June 1679 osunga panganowo anagonja pankhondo ya pa Bothwell Brig, ndipo akaidi pafupifupi 1,200 anawakusira ku Edinburgh. Mazana a iwo anawatsekera pabwalo loyandikana ndi mandawa kwa miyezi ingapo, pamtetete, akupatsidwa kabuledi kosakhutitsa ngakhale mwana. Ena anafa, ena ananyongedwa, ambiri anamasulidwa atalumbira kuti sadzaukiranso mfumu. Otsala 257 anawakweza chombo mu November kuti akagwire ukapolo m'minda ya ku America. Chombocho chinasweka mu December kuzilumba za Orkney, ndipo pafupifupi 200 anamira.

Amene ankaimira boma pamilandu ya anthuwa anali George Mackenzie, loya wamkulu wa mfumu, yemwe anthu anamutcha wamagazi. Anamwalira mu 1691, ndipo anaikidwa m'kanyumba kozungulira ka miyala m'manda omwewo, mtunda woponya mwala kuchoka pomwe akaidi aja ankavutikira. Munthuyu anali ndi mbali zina zimene alendo samauzidwa kawirikawiri. Ndiye anayambitsa laibulale ya maloya imene inadzabala laibulale yaikulu ya dziko la Scotland mu 1925, ndipo ankadzudzula kuzunza anthu oganiziridwa ufiti kuti avomere milandu. Koma pausiku wa mizukwa iye ndi chilombo basi.

Nthano ya lero imati chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 munthu wina wosowa pogona anathyola chitseko cha kanyumbako pothawa mvula, n'kudzutsa mzimu wa Mackenzie. Kenaka kunayamba kumveka za alendo okandidwa, otupa, okomoka. Khonsolo inakhoma geti la mbali ya mandayo yomwe imatchedwa ndende ya osunga pangano, ndipo kampani ya City of the Dead, yoyambitsidwa ndi mlembi Jan-Andrew Henderson, inaloledwa kumalowetsamo magulu ake. Madandaulo a alendo akuti anafika mazanamazana. Ine ndikuona kuti loko ameneyu anachita zambiri kuposa mzukwa. Malo okhomedwa, olowamo usiku, mutalipira, mutauzidwa kale kuti anzanu anakomokerapo, mutaimirira mothinana m'kanyumba kozizira: pagulu lotero sipalephera mmodzi wogwa. Ndipo pakati pa phokoso lonselo, anthu 200 omira ku Orkney amangotchulidwa mothamanga ngati mawu otsegulira.

Kutchuka kuli ndi zotsatira zake. Mu 2003 anyamata awiri anathyola kanyumba ka Mackenzie, n'kudula mutu wa mtembo wina wouma umene unali m'menemo, n'kumaseweretsa. Amene anawapeza anali woperekeza alendo. Chaka chotsatira anazengedwa mlandu wonyazitsa manda, pogwiritsa ntchito lamulo limene linali litagona zaka zoposa 100. Manda a Greyfriars si bwalo la zisudzo. Muli makolo a anthu, tchalitchi chake chimapempheredwabe, ndipo funso lakuti malire a msangulutso ali pati silinathe.

Funso lomwelo limakula pankhani ya ufiti. Pafupifupi ulendo uliwonse umatchula amayi amene anapotoledwa khosi n'kuwotchedwa pa Castlehill, pafupi ndi geti la linga. Lamulo la ufiti ku Scotland linagwira ntchito kuyambira mu 1563 mpaka mu 1736. Kafukufuku wa yunivesite ya Edinburgh anapeza milandu ya anthu 3,837 oimbidwa ufiti, 84 pa 100 alionse ali akazi, ndipo akatswiri amati ophedwa anali pafupifupi 2,500. Mmodzi mwa iwo anali Agnes Sampson, mzamba ndi sing'anga, yemwe mfumu James VI inamufunsa yokha mafunso. Anamumeta, anamuzunza, anavomera kuti anautsa namondwe panyanja kuti amize chombo cha mfumu, ndipo anaphedwa mu January 1591. Pa 8 March 2022 nduna yaikulu ya Scotland panthawiyo, Nicola Sturgeon, inapepesa m'malo mwa boma, ngakhale kupepesako sikunafafanize milandu ya ophedwawo. Mlendo wa ku London kapena ku Tokyo atha kuseka woperekeza akamayerekeza kukuwa kwa mfiti pamoto, chifukwa kwa iye ndi zakale zosabwereranso. Mmalawi amene wamvapo pawailesi za gogo wogendedwa mpaka kufa chifukwa mdzukulu wadwala, kuseka kwake kumavuta.

Nkhani imene palibe woperekeza angailumphe ndi ya William Burke ndi William Hare, ndipo ilibe mzukwa ngakhale umodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 Edinburgh inali pakati pa malo otsogola ku Ulaya pa maphunziro a udokotala (mbiri imeneyi inapitirira, ndipo ndi komweko kumene Hastings Kamuzu Banda anatengera ziyeneretso zake mu 1941). Ophunzira ankafuna mitembo yoti aziing'amba, koma malamulo ankalola yochepa, makamaka ya zigawenga zonyongedwa. Panabadwa msika. Akuba ankafukula maliro atsopano usiku, ndipo mabanja opeza bwino anayamba kutchinga manda ndi zitsulo zolemera, zomwe zina zikuonekabe ku Greyfriars. Kumanda a St Cuthbert's anachita kumanga nsanja ya alonda mu 1827.

Burke ndi Hare, onse ochokera ku Ireland, sanafukulepo manda, ngakhale ambiri amawatchula choncho. Hare anali ndi nyumba yogona alendo osauka kudera la West Port. Mu November 1827 mkulu wina wogona pamenepo anamwalira ndi matenda ali ndi ngongole ya lendi. Awiriwo anadzaza bokosi lake ndi makungwa, mtembo n'kukaugulitsa kwa Dr Robert Knox, mphunzitsi wa udokotala, pamtengo wa mapaundi 7 ndi mashiling'i 10, ndalama imene wantchito wamba ankaikhetsera thukuta miyezi. Ataona kuti kudikira imfa n'kuchedwa, anayamba kuithandiza. Ankaitana munthu, kumumwetsa mowa mpaka kuledzera, wina n'kumugonera pachifuwa, wina n'kumutseka pakamwa ndi mphuno, kuti thupi lisaoneke bala. M'miyezi pafupifupi 10 ya chaka cha 1828 anapha anthu 16. Ankasankha amene palibe angawafunefune: okalamba, opemphapempha, amayi oyenda okha, mnyamata wina wolumala wodziwika m'misewu dzina lake James Wilson. Anagwidwa alendo ena a m'nyumba ya Burke atapeza mtembo wa Margaret Docherty utabisidwa m'udzu wogonapo. Operekeza ena amakonda kunena kuti awiriwa ankabisa mitembo m'zipinda za pansi pa South Bridge, poti n'kumene kuli gulu panthawiyo, koma palibe umboni wa zimenezo.

Hare anapulumuka pochitira umboni mnzake, n'kutulutsidwa mumzinda mobisa. Knox sanazengedwe mlandu, ngakhale khamu la anthu linakagenda nyumba yake. Burke ananyongedwa pa 28 January 1829 pa Lawnmarket, mbali ya msewu wa Royal Mile, chikhamu chikuonerera, ndipo woweruza analamula kuti thupi lake ling'ambidwe poyera monga ankachitira ndi anthu amene iye anawagulitsa. Mafupa ake akusungidwabe kumalo osungirako zakale a sukulu ya udokotala ya yunivesite ya Edinburgh, ndipo ku Surgeons' Hall, nyumba ya madokotala a opaleshoni, kuli kabuku ka m'thumba kokutidwa ndi khungu lomwe amati ndi lake.

Operekeza ambiri amaimira pamenepo, pakuti chigawenga chalandira zake ndipo gulu lakhutira. Chotsatira chake sichikoma kusimba ndi nyali m'manja. Mu 1832 nyumba ya malamulo ku London inakhazikitsa lamulo latsopano lothetsa msika wa mitembo, ndipo linauthetsadi. Njira yake inali yolola masukulu a udokotala kutenga mitembo imene palibe wachibale waitenga kuti akaiike, makamaka ya omwalira m'zipatala ndi m'nyumba zosungiramo amphawi. Chilango chimene kale chinali cha opha anthu chinasanduka gawo la aliyense wofa wopanda ndalama ya bokosi.